Kuthamanga m'mapiri a Namaqualand nthawi ya maluwa: yankho kwa achemwali a ku Cape Town

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ku Cape Town. Akuti Loweruka lililonse amathamanga pa phiri la Lion's Head, ndiye aona zithunzi pa Facebook za chipululu chodzaza maluwa okhaokha, akufunsa kuti kodi zimenezi n'zenizeni, apite liti, nanga angakathamangeko okha? Zikomo achemwali, funso lanuli landisangalatsa chifukwa malo amenewa ine ndimawakonda kwabasi.

N'zenizeni ndithu. Kumeneko ndi ku Namaqualand, ku Northern Cape, mumatenga msewu wa N7 kulowera kumpoto, mpaka tawuni ya Springbok ndi makilomita pafupifupi 560. Chaka chonse kumakhala kouma gwaa, miyala ndi fumbi basi, koma mvula yake imagwa nthawi yozizira, cha mu Meyi mpaka Julayi, mosiyana ndi kwathu kuja kumene maluwa a pa Nyika amadikira dzinja. Njere zimangogona m'dothi, zina zaka zingapo, ndiye mvula ikagwa bwino zimadzuka pakamodzi, Ogasiti mpaka pakati pa Seputembala mapiri onse amangoti psuu ngati wina wayatsa moto, kwina achikasu, kwina oyera mbee. Mvula ikavuta maluwanso amachepa, choncho imbani kaye foni ku mapaki a kumeneko musanalipire malo ogona.

Tsono chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi. Ife othamanga tinazolowera kudzuka m'bandakucha, koma maluwa amenewa amayendera dzuwa, usiku amatseka ndipo amatseguka bwinobwino cha m'ma 10 kapena 11 koloko, kenako cha m'ma 4 madzulo ayambanso kufunya. Kukachita mitambo kapena kuzizira kwambiri satseguka n'komwe. Ulendo wanga woyamba ndinathamanga m'mamawa kwambiri, ndinazungulira phiri lonse osaona kanthu, mtima unandiwawa poganiza petulo yemwe ndinawononga. Nditatopa ndinakhala pa thanthwe kudya buledi wanga, dzuwa likukwera pang'onopang'ono, ndipo chigwa chomwe ndinadutsa chija chinayamba kusintha mtundu ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinakhala pamenepo ola lathunthu osafuna kudzuka. Ndiye inu thamangani m'mawa kukadali kozizira ngati mukufuna kutulutsa thukuta, koma pobwerera yendani wapansi, osathamanga ayi. Komanso maluwawa amayang'ana kumene kuli dzuwa, ndiye muziyenda dzuwa lili kumsana kwanu kuti muziwaona kumaso, mukayenda molunjika dzuwa mungoona kumbuyo kwake kotuwa.

Malo ake ine ndingakuuzeni awiri. Goegap Nature Reserve ili pafupi ndi Springbok, makilomita ngati 15, kumeneko kuli zitunda za matanthwe akuluakulu, mitengo ija ya kokerboom yomwe anthu a mtundu wa San ankagoba nthambi zake n'kumasungiramo mivi, ndipo mukachita mwayi muona gemsbok, nyama ya nyanga zazitali zowongoka, ndi mbidzi za m'mapiri. Kwa wothamanga ndi kumene kumakoma, koma miyala yake imafuna nsapato zogwira bwino pansi. Kwina ndi ku Skilpad mkati mwa Namaqua National Park kufupi ndi Kamieskroon, kanjira kake ndi kozungulira makilomita ngati 5, kosavuta, koma maluwa ake ndiye ndi ochuluka zedi. Dzina loti Skilpad m'Chiafrikaans ndi kamba, ndipo derali kuli timakamba ting'onoting'ono tokwana m'dzanja, muziyang'ana popondapo.

Zopita nokha ine ndikukanizani achemwali. Netiweki imathawa mukangolowa kuseri kwa phiri, mutabinya phazi palibe wokumvani. Tengani mnzanu, madzi malita awiri aliyense osachepera, chipewa, ndi jekete chifukwa m'mawa kumazizira koopsa pomwe masana dzuwa limaswa mtengo. Kukayamba kufunda njoka zimatuluka, makamaka mphiri ija yomwe sithawa munthu imangogona panjira phee, ndiye osalowetsa dzanja m'ming'alu ya miyala.

Ndipo chonde chonde musatuluke m'kanjira kukagona pakati pa maluwa chifukwa cha chithunzi. Zimandipweteka kwambiri ndikaona malo atapondedwapondedwa, duwa lophwanyidwa lisanabale njere ndiye kuti chaka chamawa pamenepo maluwa akhoza kuchepa. Kuthyola kapena kuzula n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo kumeneko kuli kale vuto la anthu okumba timbewu tosowa ta m'chipululu n'kumakagulitsa kunja.

Ngati tchuthi chanu n'chochepa, pitani ku Postberg mu West Coast National Park kufupi ndi Langebaan, ola limodzi ndi theka kuchokera ku Cape Town. Amatsegula Ogasiti ndi Seputembala basi, ndipo mukafuna kuyendamo wapansi bukitsiranitu msanga chifukwa malo amatha.