Ali Fomu 3, akufuna kusiya sukulu ayambe bizinesi ya pa intaneti

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa zaka 16. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake omwe.

"Aphungu, ndithandizeni maganizo. Ndili Fomu 3 koma sukulu sindikuona kumene ikundipititsa. Achimwene anga anamaliza koleji zaka ziwiri zapitazo, mpaka lero ali pakhomo. Ine pa TikTok ndili ndi ma followers 2,300 ndipo ndikufuna kuyamba bizinesi ya pa intaneti. Pali mkulu wina amaphunzitsa forex ndi dropshipping, akuti ndikalipira kosi yake, pakutha miyezi itatu ndiyamba kupanga ndalama. Bambo atamva anandilanda foni, akuti iwo akufuna dokotala pakhomo pano, zina ayi. Kodi ndingolimba mtima n'kusiya sukulu? Pajatu Mark Zuckerberg nayenso anasiya."

Makalata otere ndawawerenga ambiri, moti ndikangoona mzere woyamba ndimadziwiratu kuti Zuckerberg atulukira kumapeto. Chimasintha ndi dzina la chinthucho basi: uyu akuti forex (malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko), uja crypto (ndalama za pa intaneti), wina akuti akhala influencer. Tiyambe ndi Zuckerberg yemweyo, mphwanga, timuchotse panjira.

Munthuyo anasiya yunivesite ya Harvard. Kuti akafike kumeneko anayamba wamaliza sekondale, n'kukhoza bwino lomwe, ndipo mapulogalamu a kompyuta anayamba kulemba akadali mwana. Facebook imene anayambitsa inatsegulidwa mu February 2004, pofika December chaka chomwecho inali ndi anthu 1 miliyoni. Anachoka m'kalasi chifukwa chimene anapangacho chinali chitakula kale, chikumufuna tsiku lonse. Iwe ukufuna uchoke kaye, bizinesi ukaione kutsogolo. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, sindinapezemo munthu ngakhale mmodzi amene anakulipirapo kanthu.

Ma followers 2,300 kwa mwana wa sukulu ndi ambiri ndithu, koma sugulira nawo ngakhale cholembera. YouTube kuti iyambe kukugawirako ndalama za otsatsa malonda imafuna anthu 1,000 olembetsa pa tchanelo chako komanso maola 4,000 oonera mavidiyo ako m'miyezi 12, apo ayi ma Shorts ako, timavidiyo tatifupi tija, aonedwe ka 10 miliyoni m'masiku 90. Ukafikapo, ndalamazo zimadzera ku akaunti ya AdSense, yomwe mwini wake ayenera kukhala wa zaka 18. TikTok nayo pa pulogalamu yake yolipira opanga mavidiyo imafuna zaka 18, ma followers 10,000 ndi mavidiyo oonedwa ka 100,000 m'masiku 30, ndipo pulogalamuyo ili m'mayiko owerengeka. MrBeast wa pa YouTube uja amene sachoka pakamwa panu anyamata anayamba kuika mavidiyo mu 2012 ali ndi zaka 13, dziko linadzamudziwa mu 2017. Zaka zisanu akujambula, oonera ali ochepa. Anzake amene anayamba nthawi yomweyo n'kufooka panjira palibe amawatchula, n'chifukwa chake nkhani yake imamveka ngati yophweka.

Tsono mkulu wako wa kosi uja. Sindinakumanepo naye koma ndikumuona: chithunzi atatsamira galimoto yonyezimira, pa status pali manambala obiriwira a ndalama zimene akuti wapanga m'mawa uno asanasambe n'komwe. Munthu wodziwa njira yotsimikizika yochulukitsira ndalama akufuniranji kandalama ka mwana wa Fomu 3? Bizinesi yake ndi iweyo ndi anzako. Mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya ndalama ku European Union, linanena kuti pa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a CFD (obetcha ngati mtengo wa chinthu ukwera kapena utsika), komwe forex yambiri ya pa foni imagwera, 74 mpaka 89 amaluza. Amenewo ndi akuluakulu a mpamba wawowawo, m'mayiko a malamulo okhwima. Ndipo tsiku limene mkuluyo adzakuuze kuti ubweretse anzako awiri kuti ukwere sitepe, liwiro. Kulipira olowa msanga ndi ndalama za olowa mochedwa ndi chinyengo chakalekale. Charles Ponzi anachichita ku Boston mu 1920, gulu lotchedwa MMM linachichita ku Nigeria mpaka anthu analira mu December 2016 litawatsekera maakaunti.

Dropshipping payokha si kuba ayi. Umatsatsa katundu amene ulibe, wogula akalipira iwe umakamuodera kwa wogulitsa wina, mwachitsanzo pa AliExpress, ndipo katunduyo amapita kwa wogula osadutsa m'manja mwako. Vuto lake n'loti kaphindu kamene katsale pakatipo kamadyedwa ndi ndalama zotsatsira, katundu amatha masabata ali panjira, ndipo akafika wosweka wokalipiridwa ndiwe. Shopify yomwe ambiri amatsegulira sitolo zotere imafunanso zaka 18. Izi zisiye kaye.

Komatu sindikuti ulibe chogulitsa. Uli nacho, kungoti sukuchiona chifukwa maso ali pa galimoto ya mkulu uja. Anthu 2,300 sanakutsatire mwangozi. Ndiye kuti umadziwa kudula vidiyo, kuikapo mawu, kusankha poyambira kuti munthu asapitirire ndi chala. Limenelo ndi luso, ndipo pali anthu ambirimbiri ochita malonda ang'onoang'ono amene katundu wawo ndi wabwino koma zithunzi zawo n'zomvetsa chisoni: zamdima, zopendekeka, kumbuyo kukuoneka ndowa ndi mwendo wa munthu. Anthu amenewa nthawi yophunzira zimene iwe umachita ukuseka alibe. Bizinesi ya pa intaneti imene ndimaikhulupirira kwa wachinyamata ndi imeneyi, yogulitsa ntchito ya manja ako kwa munthu amene ukumudziwa nkhope. Sifuna mpamba woposa foni ndi bandulo, ndipo ikakanika sutsala ndi ngongole kapena katundu wodzaza kuchipinda.

Ndinali ndi mtsikana wina m'kalasi mwanga amene anayamba chonchi ali ndi zaka 17. Anapita kwa mayi wina wosoka zovala n'kuwapempha kuti awajambulire madiresi asanu ulere, pa mgwirizano woti zithunzizo aziwaonetsa ena ngati chitsanzo cha ntchito yake. Anakhoma nsalu yoyera pakhoma pafupi ndi zenera, n'kujambula m'mawa dzuwa lisanakwere, diresi lililonse kutsogolo, kumbuyo ndi pafupi pomwe pali msoko. Kenako anawatsegulira WhatsApp Business, n'kuika zithunzizo mu catalogue, pansi pa chilichonse saizi, mtengo ndi masiku osokera. Mayiwo anasiya kuyankha funso limodzimodzi kakhumi pa tsiku. Mwezi wotsatira anamuitana okha, ulendo uno molipira, ndipo anamutumizanso kwa mnzawo wokonza tsitsi. Sanafike pa ma followers 500 mtsikanayo, koma pomaliza Fomu 4 anali ndi makasitomala anayi okhazikika, ndipo mayeso anakhoza.

Anapsanso, usaganize kuti zinali zosalala. Bambo wina anamupangitsa mapositala atatu, atalandira anangoti zii, foni osayankha. Kuyambira tsiku limenelo lamulo lake linali theka la ndalama ntchito isanayambe, theka lina asanatumize chomaliza, ndipo zonse zimene agwirizana zilembedwe pa meseji: ntchito yanji, ifike liti, kukonzanso kangati. Mawu akuti "kukonzanso kawiri kokha" anamupulumutsa kwa makasitomala aja oti lero asinthe mtundu, mawa abwezeretse wakale. Walira mvula walira matope, ukafuna makasitomala udzakumana nawo otere.

Ndi mmenenso anayambira ena otchuka, kungoti mbali imeneyi sainena pa TikTok. Melanie Perkins wa ku Australia, mmodzi mwa eni ake a Canva imene mwina umapangira mapositala, anayamba mu 2007 ali ndi zaka 19 ndi kabizinesi kotchedwa Fusion Books, kothandiza masukulu kupanga mabuku a zithunzi za ophunzira a chaka chimenecho. Canva inadzabwera mu 2013, atatha zaka akumva madandaulo a makasitomala enieni.

Chinthu china chimene achinyamata mumachipeputsa ndi kope. Gula kope wamba, tsamba lililonse ulembe mizere itatu: zolowa, zotuluka, maola. Bandulo ndi zotuluka. Ulendo wopita kwa kasitomala ndi zotuluka. Chaja ikapsa, zotuluka. Ambiri akalandira ndalama amaiyesa phindu yonse, mwezi ukatha n'kumadabwa kuti bandulo akupemphanso kwa mayi. Ukachotsa zotuluka n'kugawa chotsalacho ndi maola amene wagwira, udzadziwa ngati uli ndi bizinesi kapena ukungosangalatsa anthu. Ndipo usachite manyazi kutchula mtengo. Achinyamata ambiri ntchito amaidziwa, koma ikafika nthawi yonena ndalama amayang'ana pansi n'kuti "mungondipatsa iliyonse."

Za zaka ndibwerezenso, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. PayPal yolandirira ndalama ndi Upwork yopezerapo ntchito pa intaneti zimafuna zaka 18. Fiverr ndi Etsy, misika ya pa intaneti yogulitsirapo ntchito ndi katundu, zimalola wa zaka 13 mpaka 17 pokhapokha akugwiritsa ntchito akaunti ya kholo kapena womulera. Chifukwa chake n'choti m'mayiko ambiri mwana wosakwana zaka 18 sangamangidwe mokwanira ndi mgwirizano wa malamulo. Ndikudziwa zimene mumachita, mumangosintha chaka chobadwa. Zimayenda mpaka tsiku limene ndalama zalowa ndipo akufunsa chitupa, pamenepo akaunti amaitseka ndalama zili momwemo. Usalolenso munthu wa pa intaneti kudutsitsa ndalama zake pa akaunti yako kapena ya mayi ako ati akupatsako pang'ono. Ndalama zotero nthawi zambiri zimakhala zakuba, ndipo apolisi akamatsata amafikira pa dzina la mwini akaunti. PIN ndi manambala obwera pa meseji sapatsa munthu. Kasitomala amene sukumudziwa ukakumane naye poyera, ndipo kunyumba adziwe kumene wapita.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikukhulupirira kuti mwanayu akuonetsani yankholi. Pa za sukulu mwalondola, ndili mbali yanu. Koma zoti "dokotala basi" zanditopetsa kuzimva. Munayamba mwakhala naye pansi n'kuona malikisi ake a Biology ndi Chemistry? Munamufunsapo ngati angapirire kuona magazi? Udokotala ndi zaka zambiri za maphunziro olemetsa, ndipo ndaonapo ana okankhidwira kumeneko akubwerera chaka chachiwiri, mtima utasweka, ndalama zitapita. Mwanayu akuona mkulu wake ali pakhomo ndi pepala la koleji m'chikwama. Mantha ake ndi enieni, ndipo kumulanda foni sikuwayankha. Adzabwereka ya mnzake, azichita mobisa, ndipo wamkulu yekhayo amene azimumvetsera adzakhala mkulu wa forex uja. Kodi ndi zimene mukufuna?

M'bwezereni foniyo, koma pa mgwirizano. Masiku a sukulu ntchito ya makasitomala isapitirire ola limodzi, ndipo homuweki ikhale itatha. Loweruka agwire momasuka. Lamlungu madzulo akuonetseni kope lija, inu muone zolowa ndi zotuluka. Malikisi akatsika teremu imeneyo, bizinesi iyime mpaka akwere. Nthawi ya mayeso makasitomala auzidwiretu kuti kwatsekedwa. Mukatero mudzamudziwa mwana wanu kuposa mmene mukumudziwira pano, mwinanso mudzapeza kuti mutu wake uli ku zowerengera ndalama, ku zamakompyuta kapena ku zojambula, zomwenso zili ndi makosi ake ku koleji.

Ndibwerere kwa iwe, mphwanga. Ukuti sukulu sukuona kumene ikukupititsa. Meseji yopita kwa kasitomala yodzaza ndi zolakwika imakuchotsera ntchito usanayambe n'komwe, ndiye phunziro la chiyankhulo ndi la bizinesi yako. Maperesenti amene ukuwathawa m'kalasi ya masamu ndi omwewo udzawerengere phindu, ndi omwewonso akanakuuza kuti lonjezo la mkulu uja silingatheke. TikTok ikhoza kusintha malamulo mawa, akaunti ikhoza kubedwa usiku umodzi, koma satifiketi palibe angakutsekere. Kwatsala chaka chimodzi ndi miyezi. Ngati ukufuna kuwonjezera luso, maphunziro aulere alipo: freeCodeCamp imaphunzitsa kupanga mawebusaiti, ndipo CS50 ya ku Harvard komwe kuja anachoka Zuckerberg aliyense akhoza kuitsatira pa intaneti osalipira.

Achimwene akowo usawaone ngati chitsanzo cha kulephera. Ali ndi zaka zoposa 18, anaphunzira, ndipo nthawi ali nayo yambiri. Akaunti zofuna munthu wamkulu akhoza kutsegula iwo m'dzina lawo n'kumaziyendetsa, makasitomala a masana akhoza kukumana nawo iwo iwe uli m'kalasi, iwe n'kumadula mavidiyo madzulo. Mugwirizane kagawidwe ka ndalama musanayambe, mulembe m'kope lomwelo, chifukwa pa ndalama ngakhale apachibale amadana.

Sindikulonjeza kuti zikuyendera. Ambiri amene ndimawauza zimenezi amajambula sabata ziwiri, kasitomala woyamba akawakana amabwerera kukavina pa TikTok. Koma kalata yako yalembedwa bwino, ndipo munthu amene wasonkhanitsa anthu 2,300 ndi foni yokha ndingamupatse mpata. Teremu ikatha undilemberenso. Unditumizire chithunzi cha tsamba la kope lija posonyeza anthu atatu amene akulipira, pamodzi ndi lipoti la kusukulu. Nambala ya ma followers ulendo uno usaitchule.