Kodi kuyendetsa maso kungathandize munthu amene adakumana ndi zoopsa?

Mayi wina wa ku Malindi wandilembera imelo yokhudza mlongo wake, msodzi amene adapulumuka boti litagubuduzika panyanja. Chichitikireni ngoziyo bamboyo sagona tulo, amalota akumira, ndipo akangomva kulira kwa injini thupi lonse limanjenjemera. Mayiyo adamva za chithandizo choyendetsa maso, ndiye akufunsa ngati n'choona, komanso ngati angamuthandize yekha poonera mavidiyo a pa YouTube.

Mayi, chithandizochi chilipodi, ndipo chimatchedwa EMDR. Adachiyambitsa ndi Francine Shapiro wa ku America, yemwe mu 1987 adazindikira kuti maganizo omusautsa ankachepa mphamvu maso ake akamayenda uku ndi uku, ndipo adasindikiza kafukufuku wake woyamba mu 1989. Wodwala amakumbukira chochitikacho kwa kanthawi kochepa uku akutsatira ndi maso zala za womuthandiza, kenaka amapumira n'kunena zomwe zamubwerera m'mutu, ndipo amabwereza zimenezi mpaka chikumbukirocho chitasiya kumuwawa ngati kale. Mu 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachivomereza ngati njira imodzi yothandizira matenda a m'maganizo otchedwa PTSD, obwera munthu akakumana ndi zoopsa, omwe zizindikiro zake zikufanana ndi zomwe mwafotokozazi.

Pomwe akatswiri amasiyana maganizo ndi pa maso penipenipo. Mu 2001 Davidson ndi Parker, atasanthula kafukufuku wosiyanasiyana, adapeza kuti kuyendetsa maso sikuwonjezera phindu looneka, koma mu 2013 Lee ndi Cuijpers adapeza kuti kumathandiza ndithu. Ofufuza ena a ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, amafotokoza kuti ubongo sungagwire bwino ntchito ziwiri nthawi imodzi, choncho munthu akamakumbukira uku maso ali pa ntchito, chithunzi choopsacho chimazilala. Ine ndimaona kuti mphamvu yaikulu yagona pa kuyang'anizana ndi chikumbukirocho pang'onopang'ono pali munthu wodziwa kukukhazika mtima pansi. Pa matenda ena, monga kukhumudwa kwambiri ndi nkhawa, umboni ulipo koma sunalimbe ngati wa PTSD.

Za mavidiyozo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musayese. EMDR ili ndi magawo 8, ndipo kuyendetsa maso uku munthu akukumbukira choopsacho kumayamba pa gawo lachinayi, wothandiza atamva kaye mbiri ya wodwala ndi kumuphunzitsa njira zodzitonthozera. Kutokosa bala lotere popanda kukonzekera kungachititse kuti mlongo wanuyo avutike koposa.

Pitani nawo achimwenewo ku chipatala cha boma cha Mangochi, mukafunse ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo, omwe amatha kutumiza odwala ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero. EMDR ikapanda kupezeka musataye mtima, chifukwa WHO idavomerezanso uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) wolunjika pa zoopsazo. Ngati atayamba kunena zofuna kudzipha, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.