Musanalipire chithunzi cha 3/8 chija, funsani za masaizi ena

Achemwali, mwafunsa ngati mugule chithunzi chomwe mwachiona pa gallery ku Johannesburg, cha wojambula wachinyamata amene amadzijambula yekha, poti m'munsi mwake alemba 3/8. Nambalayo ikunena kuti ndi chachitatu mwa zisanu ndi zitatu zomwe walonjeza kusindikiza. Musaidalire payokha.

Muwafunse a gallery kuti 8 ameneyo ndi wa saizi imeneyi yokha kapena wa masaizi onse. Ojambula ambiri amatulutsa chithunzi chimodzimodzicho m'masaizi awiri kapena atatu, iliyonse ndi nambala zakezake. Palinso ma AP (artist's proof, makope apadera osawerengedwa mu 8 uja), kawirikawiri awiri, omwe mwiniwake amasunga n'kudzagulitsa tsiku lina. Mukawerengera bwino, 8 uja amatha kupitirira 20. Mu 2012 wojambula wa ku America William Eggleston anasindikizanso zithunzi zake zakale mu saizi yaikulu, kampani ya okushoni ya Christie's n'kuzigulitsa. Munthu wina amene anali ndi zoyamba zija anakasuma ku New York, koma mu 2013 khoti linautaya mlanduwo. Ndiye zapakamwa ayi. Chiwerengero chonse, chaka chomwe anachisindikiza ndi mtundu wa pepala zilembedwe pa invoice ndi pa satifiketi, siginecha ya wojambula ikhalepo.

Za pepalazi musazione mopepuka. C-print (chithunzi cha mitundu chotsukidwa ndi mankhwala) imafwifwa pakapita zaka, makamaka ikamawombedwa ndi dzuwa. Gelatin silver (ya black and white) ndi pigment print (yosindikiza ndi inki) zimapirirako. Pokhomera felemu, galasi likhale lotchinga UV (kuwala kwa dzuwa komwe kumafwifwitsa zithunzi) ndipo lisagunde chithunzicho. Khoma lomwe limachita chinyezi nthawi ya dzinja ndi loyang'anizana ndi windo, mulipewe.

Musanatulutse ndalama, kaoneni kaye ntchito za akuluakulu kuti diso lizolowere. Zanele Muholi wa ku Umlazi ku South Africa, mu zithunzi zake zotchedwa Somnyama Ngonyama, amadziveka mapegi oyanikira zovala ndi mawaya okwechera mapoto, kukumbukira amayi ake a Bester omwe ankagwira ntchito yapakhomo kwa azungu. Samuel Fosso anatsegula situdiyo ku Bangui, Central African Republic, mu 1975 ali ndi zaka 13, ndipo filimu ikatsalako madzulo ankadzijambula kuti atumizire agogo ake ku Nigeria. Mukaona zimenezo mudzasiyanitsa msanga munthu amene ali ndi chonena ndi amene wangokongoletsa selfie.

Zoti mudzalemererapo, chotsani m'mutu. Inde, Untitled #96 ya Cindy Sherman, wojambula wa ku America wodziwika podzijambula yekha, inagulidwa madola 3.89 miliyoni mu 2011, koma zithunzi za ojambula ambiri ongoyamba kumene zimavuta kugulitsanso ngakhale pa mtengo womwe munagulira. Ine ndimangodzifunsa ngati nkhope imeneyo ndingapirire kuti izindiyang'ana pabalaza tsiku ndi tsiku, chifukwa zithunzi zamtunduwu zimayang'anadi, alendo ena mpaka amasintha mpando.

Ngati mayankho awo akukhutiritsani, musachedwe kwambiri. Ma gallery ambiri amakweza mtengo zithunzi zikamatha, moti 7/8 imadula kuposa 3/8 ngakhale zili zofanana ndendende. Afunseninso ngati mungamalipire pang'onopang'ono, ambiri amavomera.