Achimwene, kaululeni za Article 15 wofufuza asanakufunseni

Achimwene, mwati munali msilikali wa US Army, munalandira chilango cha Article 15 (chimene kamanda amapereka popanda kupita kukhoti) zaka zinayi zapitazo chifukwa chojomba, ndipo polemba fomu ya SF-86 yopemphera security clearance (chilolezo choona zinsinsi za boma la America) pa ntchito yanu yatsopano simunachitchule, poti munatuluka usilikali mwaulemu, ndi honorable discharge. Mukufunsa ngati mungokhala duu. Musatero ayi. Mawa lomwe pitani kwa FSO wa kampani yanu, ofesala woona zachitetezo uja, mukanene kuti pa gawo 15 munasiya kanthu ndipo mukufuna kukonza. Mulembe, musaine, kope lanu musunge.

Funso la pa gawo limenelo silokuluwika. Limafunsa ngati m'zaka 7 zapitazi munazengedwa mlandu ku court martial, khoti la asilikali, kapena kulangidwa mwanjira ina pansi pa malamulo a asilikali a UCMJ, ndipo Article 15 anaitchula ndi dzina pomwepo. Ofufuza a DCSA, bungwe la boma lofufuza mbiri ya opempha clearance, amaitanitsa mafayilo a usilikali, amachezanso ndi anthu amene munagwira nawo ntchito. Sajeni amene anakuimikani pamaso pa kamanda tsiku lija akadali moyo.

Kujomba kamodzi zaka zinayi zapitazo, munthu utasintha, kawirikawiri sikugwetsa. Malamulo a SEAD 4, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017, amauza oweruza kuona munthu yense: cholakwacho chinachitika liti, unali ndi zaka zingati, wabwerezanso kapena ayi. Chimene chimagwetsa anthu ndi Guideline E ya m'malamulo omwewo, yokhudza kubisa dala chilungamo pa fomu. Kujombako n'kwakale, koma bodzalo amaliwerenga kuti ndi la chaka chino. Komanso kunamiza boma dala ndi mlandu pansi pa lamulo la America la 18 U.S.C. 1001, chilango chake chimafika zaka 5 kundende.

Mwayi wanu uli mu Guideline E momwemo. Imakhululukira munthu amene wakonza msanga, mwa iye yekha, asanamuonetse umboni. Wofufuza akangotulutsa pepala pa tebulo n'kukufunsani kuti ichi n'chiyani, mwayiwo wapita. Ndipo chonde musakanene kuti "ndinaiwala". Munthu saiwala tsiku limene anamudula malipiro, ndipo oweruza a DOHA, ofesi yogamula nkhani za clearance, amamva mawu amenewo mpaka kutopa nawo. Kanene zoona: munaganiza kuti discharge yabwino inafufuta zonse.

Zikavuta n'kulandira Statement of Reasons, kalata yofotokoza zifukwa zimene boma likufuna kukukanirani clearance, muli ndi masiku 20 oyankha mfundo iliyonse, kuvomera kapena kukana. Ine ndingapemphe hearing, woweruza andione ndi maso, kusiyana n'kusiya kuti agamule pa mapepala okha. Loya wodziwa za clearance amadula, koma boma likakukanani clearance mumadikira chaka chathunthu musanayesenso, ndipo ntchitoyo sidzakudikirani. Za Bond Amendment, lamulo loletsa anthu ena kupatsidwa clearance, zimene wina wakuopsezani nazo, zisakusowetseni tulo. Pa nkhani ya usilikali imakhudza ochotsedwa mwamanyazi, a dishonorable discharge.

Poti mukutsegula fomuyo, onaninso magawo 18 mpaka 20. Amayi kumudzi, ndalama zimene mumawatumizira mwezi ndi mwezi, puloti ngati munagula ku Lilongwe, zonsezo amafunsa. Kukhala ndi abale ku Malawi si mlandu, koma mukasiyanso chimodzi mwa izi, adzati kubisa ndi khalidwe lanu.