Funsani za Kompyuta: ISO ikukana kutseguka, ndigule DVD?

Funso: Achimwene a zakompyuta, ine ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, Angónia. Mnzanga wandiikira mu flash fayilo yaikulu yothera ndi .iso, akuti muli pulogalamu yophunzitsira ana. Ndikaidina pa kompyuta ya mu ofesi pakutuluka kachithunzi ka mabuku omangidwa lamba kenako mafoda ambirimbiri, setup yake osayenda. Mnyamata wina pamsika akuti ndigule DVD yopanda kanthu andiwotchere, koma malo oika ma CD pa kompyutayo anafa kalekale. Kunyumba ndili ndi laputopu yakale ya Linux Mint. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, ma metikali anuwo sungani, DVD siyofunika apa. Fayilo ya ISO ndi chimbale chathunthu chomwe achikopera n'kuchitsekera mu fayilo imodzi, ndiye chomwe mukufuna ndi kuuza kompyuta kuti iione ngati mwalowetsa CD yeniyeni. Kuyambira Windows 8 yomwe inatuluka mu 2012, mpaka 10 ndi 11, zimenezi zinabwera kale mkati, simufunika kudawunilodi kanthu. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, muona Mount, kapena Montar ngati Windows yanu ili ya Chipwitikizi monga zambiri za m'masukulu athu. Mukadina, pitani pa Este PC, mupeza drive yatsopano yokhala ndi chilembo chake, mwina E: kapena F:, lowani mmenemo muyendetse setup.

Kachithunzi ka mabuku omangidwa lambako ndi WinRAR, pulogalamu yotsegula mafayilo opanikizidwa, ndipo ndi iyeyo wakusokonezani. Akaikidwa pa kompyuta amakonda kulanda mafayilo a ISO onse nkumawatsegula ngati zip, Montar uja nkusowa pa menyu, munthu umangofufuza osamuona. Dinani kumanja, Abrir com, musankhe Explorador, ndipo ISO ilowa bwinobwino. Ngati kompyuta ya mu ofesiyo ikadali pa Windows 7, poti zilipo zambiri zoterozo, iyo payokha siitha, ikani WinCDEmu, ndi yaulere komanso yopepuka moti ngakhale ndi netiweki yovuta ya kumudzi itsika. Ena amathamangira Daemon Tools chifukwa ndi dzina lomwe anazolowera, ine sindiiona chifukwa chake pa ntchito yaing'ono ngati iyi.

Pa Mint yanu ya kunyumba nkosavutanso. Dinani kumanja, Open With, Disk Image Mounter, ISO ionekera kumanzere kwa zenera la mafayilo pamodzi ndi ma flash ena. Muli pulogalamu inanso yotchedwa Disks, imaonetsa ma disiki onse ali pa makinawo ndi zigawo zake, ndipo pansi pa chigawo chilichonse pali kabatani ka makona atatu ngati ka play, kameneko ndi kolowetsera, kakasanduka ka folo kona ndi kotulutsira. Koma apa ndiye chenjerani zedi aphunzitsi, mu Disks momwemo muli Restore Disk Image, dzina lake lomveka ngati lothandiza koma imatenga ISO ija nkuilemba pamwamba pa disiki yomwe mwasankha, zonse zinali mmenemo kufufutika, ma pauta a ana, zithunzi za ukwati, zonse. Imeneyo ndi ya munthu amene akufuna kupanga flash yoikira Linux, ntchito yomwe mapulogalamu a Rufus ndi Ventoy amagwira, si yanu lero. Komanso dziwani kuti pulogalamu ya Windows siiyenda pa Mint chifukwa choti ISO yatseguka, mungoona mafayilo basi.

ISO ikalowa simungasungemo kanthu, ndi yowerenga yokha. Mukamaliza dinani kumanja pa drive ija, Ejetar. Ndipo popeza yachokera mu flash ya mnzanu, ipitireni kaye ndi antivayirasi musanadine setup.

Funso: Ndimakopera anthu nyimbo ndi mavidiyo pa Zóbuè. Hard disk yachiwiri ya mu kompyuta yanga pa Windows ikugwira bwino, koma ndikayatsa Ubuntu ikulola kuona mafayilo okha, kukopera mmenemo ikukana. Yafa?

Yankho: Sinafe ayi m'bale wanga. Windows 10 ndi 11 zili ndi chinthu chotchedwa Fast Startup, mukati shut down sizimiratu, imangogona tulo tofa nato nkusiya disiki ya NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) ngati ikugwirabe ntchito, ndiye Ubuntu poopa kukuonongerani mafayilo amailowetsa yowerenga yokha. Zimachitikanso magetsi akathima mwadzidzidzi Windows ili moyatsa, zomwe nyengo ya mvula sizachilendo. Bwererani mu Windows, gwirani Shift pamene mukudina Shut down kuti izime kwenikweni, kenako yatsani Ubuntu, tsegulani Disks ndi kudina kabatani ka makona atatu kaja. Ngati mumasinthasintha tsiku ndi tsiku, zimitsani Fast Startup mu Control Panel pa Power Options kuti musamavutike ndi Shift. Mukafuna kuti disikiyo izilowa yokha mukangoyatsa, mu Disks momwemo dinani kagiya kali pansi pa chigawocho, Edit Mount Options, zimitsani User Session Defaults ndipo muonetsetse kuti Mount at system startup yachongedwa.