Masiku anayi ku Mulanje: yankho kwa bambo wofuna kupita ndi banja lake

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe, mphunzitsi, amene akufuna kupita ku Mulanje mwezi wa Ogasiti pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana awo awiri, wina wa zaka 14 ndi wina wa zaka 9. Iwo akuti ali ndi masiku anayi okha, ndipo anzawo a kuntchito awagwetsa ulesi powauza kuti ku Mulanje kulibe chochita china kupatula kukwera Sapitwa, ntchito imene akuti ndi ya azungu. Funso lawo ndi lakuti, kodi banja lotere lingakachite chiyani kumeneko kuti ndalama ya ulendo isapite pachabe?

Bambo, ndiyambe ndi Sapitwa yemweyo kuti timuchotse m'njira. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno. Kuti munthu akafikepo amayenda tsiku lathunthu kuchokera ku Likhubula kukagona ku kanyumba ka Chisepo, kenaka m'mawa mwake n'kuyamba kukwawa m'matanthwe, pena kudutsa m'mipata ya miyala mochita kugwada. Mwana wa zaka 9 musamuyese zimenezo, ndipo inu nomwe, ngati simunakwerepo phiri lalikulu, musayambire pamenepo. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anafera m'dera limenelo atapitirira yekha popanda womutsogolera, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Anthu a kumeneko sanatchule dzina loti Sapitwa mongoseweretsa pakamwa. Chimene anzanu sakudziwa n'chakuti Mulanje si nsonga imodzi ayi, koma ndi dziko lonse la zigwa, mitsinje, mathithi ndi madambo lokhala pamwamba pa dziko linzake, ndipo zokoma zake zambiri zili m'munsi mwa Sapitwa.

Tsiku loyamba lidzathera pa msewu. Mukafika ku Limbe muli ndi njira ziwiri: ya Midima, imene ndi yachidule, ndi yodzera ku Thyolo, imene ndi yotalikirapo koma imakudutsitsani m'minda ya tiyi. Ine ndingakonde mutapita ndi ina n'kubwerera ndi inayo. Pa Chitakale m'pamene muyenera kugula zakudya za m'phiri, chifukwa mukakhota kulowera msewu wa ku Phalombe, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Likhubula, masitolo aakulu simudzawaonanso. Ku Likhubula kuli ofesi ya zankhalango kumene mumalembetsa ndi kulipira, kuli malo ogona alendo kuphatikizapo a mpingo wa CCAP, ndipo n'kumene mudzapeze otsogolera njira ndi onyamula katundu ovomerezeka. Gwirizanani nawo za malipiro madzulo omwewo, musanayambe ulendo, kuti pasadzakhale kukokanakokana pobwerera.

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiwo mtima wa ulendo wanu, ndipo langizo langa ndi lakuti mukwere kukagona usiku umodzi ku kanyumba ka Chambe. Kuchokera ku Likhubula kuli njira ziwiri zodziwika. Ya Skyline ndi yachidule koma yoima njo, moti ntchafu zimayamba kudandaula ola loyamba lisanathe. Ya Chapaluka ndi yozungulira, imatsata mtsinje m'nkhalango, ndipo kwa banja lokhala ndi mwana wamng'ono ndiyo yabwino. Muwerengere maola anayi kapena asanu poyenda mosathamanga, ndipo munyamuke dzuwa lisanakwere.

Njira ya Chapaluka ili ndi mwayi wina, wakuti imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pa thanthwe n'kudikha m'dziwe lakuya lozunguliridwa ndi miyala. Akuluakulu a m'deralo amasimba kuti kale pamalopa pankaoneka nkhalamba, ndipo anthu ankathirapo nsembe. Ana anu adzafuna kusambira. Aloleni aviike miyendo m'mphepete, koma asadumphire pakati, pakuti madzi ake ndi ozizira kwambiri moti amaumitsa thupi, ndipo anthu odziwa kusambira amirapo pamenepo. Nditafika pa dziweli ulendo wanga woyamba ndinavula nsapato modzitama, koma nditangoponda m'madzi ndinamva kuzizira kukulasa mpaka m'mano, ndipo wonditsogolera anangoseka chamumtima n'kundipatsa nthochi.

Mukatulukira pamwamba, nkhalango imatha mwadzidzidzi ndipo mumapezeka muli m'dambo lalikulu la udzu, nsonga ya Chambe itaima patsogolo panu ngati khoma. Mbali ya kumadzulo ya nsonga imeneyi ndi thanthwe lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene akatswiri okwera miyala ndi zingwe amabwerera kuchokera kumayiko akutali. Inu simukufunika chingwe chilichonse. Kungokhala pakhonde la kanyumbako n'kumaona dzuwa likufiiritsa nsongayo m'mawa n'kokwanira. Tinyumba ta m'phirimu, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama ndi Sombani, si mahotela ayi. Muli mlonda amene amasonkha moto ndi kutunga madzi, koma ufa, ndiwo, mchere, shuga, masamba a tiyi, tochi ndi zofunda n'zanu. Nsima ya usipa yophikidwa pa nkhuni pamwamba pa phiri, munthu utayenda maola asanu, ili ndi kakomedwe kamene sindingathe kukafotokoza bwino m'kalata. Musaiwale kuti okunyamulirani katundu nawonso ndi anthu amene atopa kuposa inu, choncho powerengera ufa muwawerengere.

Kunena za zofunda, Ogasiti ndi mwezi wabwino chifukwa mvula imakhala itatha ndipo njira siziterera, koma usiku pamwambapo kumazizira zoopsa. Palinso chiperoni, mphepo yachinyontho yochokera ku Mozambique, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo. Ikabwera, nkhungu imaphimba phiri m'kanthawi kochepa moti munthu amene ali patsogolo panu simumuonanso. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene sindilola mnzanga aliyense kukwera popanda womutsogolera, ngakhale njira itaoneka yosasokoneza m'mawa. Aliyense atenge juzi yokhuthala, jekete yosalowa madzi ndi nsapato zimene anazizolowera kale, osati zatsopano zogulira ulendowu.

Pemphani wokutsogolerani kuti aonetse ana anu mtengo wa mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mwina chimene adzakuonetseni ndi zitsa ndi timitengo tating'ono tobzalidwa posachedwa, chifukwa mitengo ikuluikulu inatha ndi macheka a anthu odula mozemba komanso moto wolusa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likuyesetsa kubzala ina. M'munsi mudzakumana ndi ogulitsa timabokosi tonunkhira ta mtengo umenewu, ndipo pano ndinena maganizo anga mosabisa: ine sindigula, chifukwa sindingadziwe kumene thabwalo linachokera. Mudzaonanso zipsera zoyera m'mbali mwa phiri, momwe nthaka inakokoloka pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo achikulire a ku Phalombe angakusimbireni za Napolo wa mu 1991. Inu monga mphunzitsi mudzapeza phunziro la chilengedwe limene bolodi silingaphunzitse. Bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala mozungulira, choncho wokutsogolerani akakuuzani za mizimu ya m'phiri ndi chakudya chimene munthu amachipeza chitakonzedwa kale, n'kudya osaitana mnzake, mvetserani mwaulemu.

Mukatsika tsiku lachitatu masana, miyendo idzakhala ikunjenjemera, ndipo madzulo amenewo ndi opumula basi. Tsiku lachinayi m'mawa yendani pang'ono m'misewu ya m'minda ya tiyi pafupi ndi boma la Mulanje, kumene mbewu imeneyi yakhala ikulimidwa kuyambira zaka za m'ma 1890. Mukakumana ndi othyola tiyi atabereka madengu kumsana, apatseni moni ndi kupempha chilolezo musanawajambule, popeza iwo ali pa ntchito. Mukasankha kubwerera kudzera ku Thyolo, esiteti ya Satemwa imalandira alendo ofuna kulawa mitundu ya tiyi, koma ndi bwino kuwaimbira foni pasadakhale. Nanazi za ku Mulanje mugule pa tsiku lomalizali, osati popita, ndipo musankhe zimene sizinapse kwambiri kuti zikafike ku Lilongwe zisanafewe.