Zotsatira za Mayeso a ILEARN Zatsika Pasukulu ya Ana Anga: Kodi Ndiwasamutse?

Mayi wina amene anasamuka ku Blantyre chaka chatha ndipo tsopano akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku United States, watilembera kalata ya nkhawa. Ali ndi ana awiri pasukulu ya pulayimale ya boma, wina mu Giredi 2 ndipo wina mu Giredi 4. Mayiyu wapeza pa intaneti kuti pasukulupo ana amene anafika pa mlingo wofunika pa mayeso a ILEARN, amene chigawochi chimalembetsa ana chaka ndi chaka, sakukwana ngakhale mmodzi mwa anayi aliwonse, choncho akufunsa ngati kuli koyenera kuwasamutsa anawo asanawonongekeretu tsogolo.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ikuchokera pa zimene tonse tinazolowera kwathu. Ku Malawi, mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa mu Sitandade 8 ndi amene amagamula ngati mwana asankhidwe kupita ku sekondale ya boma kapena ayi, komanso ngati apite ku sukulu yogonera komweko kapena ku CDSS. N'chifukwa chake kholo likamva kuti sukulu yakutiyakuti yakhozetsa ana ochepa, limayamba kufufuza malo kwina tsiku lomwelo. Mayeso a ILEARN ali ndi cholinga china. Sasankha ana opita ku sukulu yapamwamba, ndipo mwana wa Giredi 4 sabwerezedwa kalasi chifukwa cha zotsatira zake. Boma limawagwiritsa ntchito poyeza sukulu.

Lamulo la dziko lonselo lotchedwa Every Student Succeeds Act, limene pulezidenti Barack Obama anasayina mu Disembala 2015 m'malo mwa lamulo lakale la No Child Left Behind, limalamula chigawo chilichonse kuyesa ana chaka ndi chaka pa kuwerenga ndi masamu kuyambira Giredi 3 mpaka Giredi 8. Chigawo chilichonse chimasankha mayeso ake ndi kudziikira chokha mlingo umene chimautcha kukhoza. Indiana inayamba ILEARN mu 2019 italeka mayeso akale a ISTEP+, ndipo inaika mlingowo pamwamba ndithu. Chaka choyambacho, ana amene anafika pa mlingo pa Chingerezi ndi masamu pamodzi anali 37.1 peresenti m'chigawo chonse. Mu 2020 mayeso sanalembedwe chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo mu 2021 chiwerengerocho chinatsikira pa 28.6 peresenti. M'zaka zotsatira chakhala chikukwera pang'onopang'ono, kungodutsa pa 30 peresenti. Mukaona chiwerengero cha sukulu yanu, chiyerekezeni ndi ziwerengero zimenezi, osati ndi 100. Sukulu yanu ili pansi pa chiwerengero cha chigawo chonse, zoonadi, koma sili kutali monga mmene munaganizira poyamba.

Chachiwiri n'chakuti chiwerengero chimenechi chimanena zambiri za mabanja a ana kuposa za aphunzitsi. Sukulu ya m'dera la anthu opeza bwino imatulutsa ziwerengero zapamwamba ngakhale aphunzitsi ake atakhala wamba, popeza ana amafika atadziwa kale kuwerenga, pamene sukulu yolandira ana ambiri ochokera m'mabanja osauka, kapena ongofika kumene kuchokera kumayiko ena, imaoneka yotsalira ngakhale aphunzitsi ake atagwira ntchito yotamandika. Komanso pasukulu yaing'ono ziwerengero zimasinthasintha msanga: ngati kalasi ili ndi ana 60, ana 6 okha akhoza kukweza kapena kutsitsa zotsatira ndi 10 peresenti.

Chimene ine ndimayang'ana poyamba ndi mmene ana akupitira patsogolo chaka ndi chaka. Unduna wa zamaphunziro wa ku Indiana umasonyeza zimenezi padera, kutanthauza mtunda umene mwana wayenda poyerekeza ndi anzake amene anayambira pamalo ofanana. Sukulu ya ziwerengero zotsika imene ana ake akupita patsogolo mwachangu ndi yabwino kwa mwana wongofika kumene kusiyana ndi sukulu yotchuka imene ana ake angoima pamodzimodzi. Lamulo lija la Every Student Succeeds Act limakakamizanso sukulu kugawa zotsatira m'magulu, ndipo limodzi mwa magulu amenewa ndi la ana amene akuphunzira Chingerezi monga chilankhulo chachiwiri. Ngati ana anu anaikidwa m'gulu limeneli, zotsatira za gululo ndi zimene zikukukhudzani kwambiri, pamodzi ndi za mayeso a WIDA ACCESS amene amayeza chaka chilichonse mmene mwana akumvera, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba Chingerezi. Makolo ena a ku Malawi amakhumudwa mwana wawo akaikidwa m'gululi, poti anaphunzira Chingerezi kwathu, koma ine ndimaona kuti thandizo lapaderalo si loyenera kulikana mopupuluma.

Za mwana wanu wa Giredi 4, pemphani lipoti lakelake. Lidzamuika pa umodzi mwa milingo inayi: Below Proficiency, Approaching Proficiency, At Proficiency kapena Above Proficiency. Mlingo wachiwiriwo ukutanthauza kuti mwana watsala pang'ono kufika, ndipo lipotilo limasonyeza mbali zimene akufooka. Kumbukiraninso kuti mayesowa amalembedwa pa kompyuta, ndipo mafunso amasintha kulimba kwake molingana ndi mmene mwana akuyankhira. Mwana amene anazolowera kope ndi pensulo akhoza kutaya malikisi chifukwa chosazolowera kutayipa basi, pamene phunzirolo akulidziwa.

Koma pali mayeso amodzi amene muyenera kuwatengera pamtima, ndipo akukhudza mwana wanu wamng'onoyo. Awa ndi mayeso a kuwerenga a IREAD. Lamulo limene Indiana inakhazikitsa mu 2024 linalamula kuti ana ayambe kuwalemba mu Giredi 2, ndipo mwana amene wakhoza pamenepo salembanso. Amene sanakhoze amalandira thandizo lapadera, amalembanso mu Giredi 3, ndipo amapatsidwanso mwayi wina pa maphunziro a patchuthi chachikulu. Akalephera maulendo onsewo amabwereza Giredi 3, kupatula magulu ochepa amene lamulo linawapatula, monga ana ena a zosowa zapadera, ana amene anakhoza masamu pa ILEARN, ndi ana amene alandira thandizo la Chingerezi kwa nthawi yosakwana zaka ziwiri. Poti inu munafika chaka chatha, zaka ziwirizo zikhoza kukhala zitatha pamene mwanayo azidzamaliza Giredi 3, choncho musadalire kupatulidwako. Funsani mphunzitsi wake tsopano lino kuti mwanayo akuwerenga pa mlingo wotani, ndi kuti sukulu ikuchita chiyani pomuthandiza kulumikiza zilembo ndi mamvekedwe ake.

Kodi muwasamutse? Ku Indiana mwayi wosamutsa mwana ulipo, kaya kupita ku sukulu ina ya boma, ku sukulu za charter (zolandira ndalama za boma koma zoyendetsedwa ndi mabungwe apadera), kapena ku sukulu zoima pazokha kudzera mu thandizo la boma lolipirira fizi lotchedwa Choice Scholarship. Komabe ana anu angosintha kumene dziko, anzawo ndi kaphunzitsidwe, ndipo kuwasamutsanso pakati pa chaka kungawabwezere m'mbuyo. Ndikanakhala inu ndikanadikira kaye msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndi kukafunsa mphunzitsi wamkulu za kupita patsogolo kwa ana m'zaka zitatu zapitazi, za kuchuluka kwa aphunzitsi amene amachoka chaka chilichonse, ndi za ana amene amajomba masiku 18 kapena kuposerapo mwa masiku 180 a sukulu. Muli ndi ufulu wopempha womasulira ngati mungamufune. Mayankho akakhala osagwira mtima, ndipo malipoti a ana anu osasonyeza kusintha pofika kumapeto kwa chaka, pamenepo yambani kufufuza sukulu ina kuti anawo akayambe kumeneko chaka chatsopano mu Ogasiti.